Tinatsitsa Zenera

Atakutulutsani m'chipatala cha paboma,
mbali yakumanja itauma ngati nthambi ya m'chilimwe,
tinakugonekani kuchipinda chakumapeto,
kumene timasunga chimanga ndi matayala akale a njinga yanu.
Masabata atatu munangoyang'ana malata.
Dzimbiri lonse munaliwerenga.

Okutobala wa ku Mangochi alibe nthabwala.
Masana denga linkathetheka ngati chiwaya cha tchipisi,
inu chete, thukuta lili kamukamu,
odzazonda n'kumaima pakhomo, pepanipepani,
n'kuthawa.

Pabalaza panali sofa ija ya ngongole,
yovalabe pulasitiki yake,
kudikira alendo olemekezeka amene chigulireni sanabwere.
Kabati ya magalasi, mbale zosadyerapo munthu,
maluwa a nsalu akumwa fumbi.
Chipinda chabwino koposa m'nyumba yathu
tinachipatsa katundu,
munthu n'kumuika ndi anankafumbwe.

Sofa ndinagulitsa kwa mphunzitsi wa ku Malindi.
Alamu anga a Mwanaisha anati mutu wanga wabalalika.

Che Twaibu, mmisiri wa kwa Mponda,
anabwera pensulo ili kukhutu.
Ndinati zenera ili litsike.
Anati litsike mpaka pati, mayi?
Ndinakokera bedi lanu pabalaza, ndinagonapo ndekha,
ndinaloza pakhoma pomwe maso a munthu wogona amalekezera.
Mizere isanu ya njerwa inagwa tsikulo.
Tsidya linalo anaboola kazenera kena
kuti mphepo ikalowa isasowe potulukira.
Anati mphepo ili ngati mlendo,
siikonda nyumba ya khomo limodzi.

Kunsi kwa malata tinayala bango la mu Shire,
kutentha kunachita manyazi.
Chiundo tinasalaza kuti chikuku chisapunthwe.
Khoma tinapaka laimu, mwana wathu Saujiya
anasiyapo chikhatho chake, sindinafufute.
Mtsuko wa madzi ndi wailesi, kumanzere,
kudzanja lomwe linakutsalirani.
Timipando ndinadulitsa miyendo:
wobwera kudzakuonani asakuyang'aneni chakumwamba
ngati dokotala woyendera odwala.
Bawo ndinaika pakati, nkhomo zake zili m'chitini cha mkaka.

Zeneralo layang'ana msewu wopita ku mlatho,
umene munaupalasa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
amayi a matemba kumbuyo, ana a sukulu, mbuzi yomanga.
Lachiwiri m'mawa Ajidu akudutsa ndi wokwera wake
anaona nkhope yanu pakati pa makatani.
Analiza belu.
Mawa lake mabelu anali anayi.
Lachisanu pochokera ku mzikiti
njinga za kabaza zinatsamira mpanda wonse
mpaka nkhuku zinasowa podutsa.

Anakhala pa timipando tija, mawondo kufika m'chibwano,
kukangana za mpira, za mtengo wa machubu,
kukuberani nkhomo pa bawo inu mukuona.
Palibe anati pepani.

Mawu anu oyamba sanali dzina langa.
Ndinali kuseri ndikuchapa, ndinangomva
liwu lokhota, lolemera, likukankha lilime:
Tayala!
Mnyamata wina wachilendo pa ntchitoyi
ankadutsa ndi tayala lakumbuyo lopanda mpweya.
Anaima. Anatsika. Anayang'ana. Anakugwadirani pazenera.
Ine thovu lili m'manja ndinakhala pansi pa mpapaya,
ndinalira pang'ono, kenako ndinapitiriza kuchapa.

Tsopano fumbi la mumsewu limalowa mmene lifunira,
ndimasesa kawiri, mwina katatu.
Shuga wa sabata amatha Lachitatu.
A Mwanaisha amabwera masana alionse,
amati nyumba ino yasanduka siteji,
kwinaku akufunyulula mkeka pomwe panali sofa,
pomwe mphepo ya mazenera awiri imakumana,
n'kugona tulo mpaka azana ya madzulo.

Usiku ndimatseka makatani.
Inu ndi dzanja lamanzere mumakoka nsonga yake,
kusiya kampata ka zala ziwiri.
Pali ena amaweruka mochedwa.